Mbaula ya Agogo Siinazime

Mwezi uno tikulemba fumbi la kumanda likali kumapazi. Masiku apitawa tinaperekeza mai wina wokalamba wa ku Maramba, kuno ku Livingstone, amene ana ndi akulu omwe tinali kungowaitana kuti Agogo. Dzina lao sitilichula, pakuti iwo eni sanali kukonda kuchuka. Koma aliyense amene anagulako vitumbuwa pa msika wa Maramba m'zaka zapitazo wadziwa kale amene tikunena.

Usiku wa maliro, amuna tili panja kuotha moto, amai ali m'nyumba kuimba, mau anali amodzi pakamwa pa onse: Agogo anali mai wolimbika pa nchito. Ku manda wowerenga mbiri ananenanso zomwezo, ndipo tonse tinagwedeza mitu movomereza. Koma pobwerera, funso lina linatimatirira ngati cisoso pa covala. Akulu amati mutu umodzi susenza denga. Mai uyu anasenza denga yekha zaka pafupifupi makumi asanu, ndipo ife tikumuombera m'manja. Nanga mitu inayi inali kuti?

Agogo anabadwira kum'mawa, m'mudzi wina kufupi ndi Chipata, pamene boma lija linali kuchedwa Fort Jameson. Anabwera kuno ali mtsikana wongokwatiwa kumene, ufulu wa 1964 usanafike, potsata amuna ao amene anali mmisiri wa matabwa. Masiku amenewo Livingstone inali kukoka anthu a mitundu yonse. Mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya unamangidwa mu 1905, mzindawu unakhalapo likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 kufikira 1935, ndipo njanji pamodzi ndi matabwa a mukusi a Zambezi Sawmills zinali kupatsa anthu nchito. Mtsikana wa Cicewa uja anapezeka pakati pa Atoka-Leya, eni dera lino, Alozi, Atonga ndi ena ambiri, ndipo posacedwa anaphunzira kutsatsa malonda m'zinenero zao. Eklezia nayo inali yaing'ono. Ansembe Acikapucini ocokera ku Ireland anafika mu 1931, ndipo dayosizi ya Livingstone inakhazikitsidwa mu 1959, Episkopi wake woyamba ali Ambuye Timothy Phelim O'Shea.

Banja lija linapeza nyumba ya kanselo ya zipinda ziwiri, ndipo Mulungu analidalitsa ndi ana asanu ndi mmodzi. Sanali olemera, koma nsima inali kuphikidwa kawiri pa tsiku.

Amuna ao anamwalira atangodwala masiku owerengeka, mwana wotsiriza akali kubere. Zinali zaka zoipa kwa mzinda uno. Mu Januwale 1973 boma la Ian Smith linatseka malire, ndipo njira ya kumwera siinatsegulidwenso kufikira 1978. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975. Alendo odzaona mathithi anacepa, m'masitolo munali mbee, ndipo amai anali kulawirira pa mizere kudikira shuga, sopo ndi saladi. Imeneyo ndiyo nthawi imene Agogo anasanduka mai wamasiye.

Maliro atangoikidwa, abale a mwamuna anabwera ndi lole. Anakweza bedi, mabulangete, wailesi, njinga, makina osokera amene Agogo anagula ndi ndalama zao za tomato, ndiponso bokosi la zipangizo za umisiri limene mwana woyamba akanadyera mtsogolo. Anatenga ngakhale kabuku ka ku banki. M'nyumba munatsala mphasa, poto mmodzi ndi mbaula. Mbaulayo siinatsale cifukwa ca cifundo ai. Munali makala a moto, ndipo panalibe wofuna kupsa manja poinyamula.

Tisafulumire kunena kuti makolo athu akale anali akuba. Ku mudzi, mwa Acewa, mwamuna anali mkamwini. Akamwalira, khasu lake ndi nkhwangwa yake zinali kubwerera kwa abale ake, koma mkazi anali kutsala pamudzi pao, ali ndi munda wake, nkhokwe yake, ndi alongo ake oyang'anira mbumba. Ana sanali kugona ndi njala cifukwa ca khasu limodzi. Mwambo unali ndi maziko ake. Koma m'tauni mai wamasiye alibe munda, alibe nkhokwe, ndipo alongo ake ali kutali ulendo wa masiku. Tinabwera nao m'tauni mwambo wotenga, tinaiwala ku mudzi mwambo wosamalira. Mwambo wodulidwa pakati motero dzina lake ndi umbava.

Ife amene tikulemba tinali ana masiku amenewo, koma tikumbukira bwino. Akristu amene anacezera usiku wonse akuimba nyimbo za ciyembekezo, makolo athu enieni ali pomwepo, anaimirira m'mbali mwa mseu kupenyerera lole ikupita. Panalibe amene anatsegula pakamwa. Anati ndi za m'banja, mlendo salowererapo. Sitinena izi pofuna kuweruza akufa. Tikunena cifukwa mau omwewo timawamvabe lero.

Ambiri anawalangiza kuti abwerere kwao. Agogo anakana, pakuti ana atatu anali kale pa sukulu, ndipo anadziwa kuti akawacotsa sadzabwereranso m'kalasi. Mai wina woyandikana nao anawabwereka ufa wa tirigu ndi botolo la saladi, ndipo pa mbaula yomwe ija anayamba kukazinga vitumbuwa. Tambala woyamba anali kulira iwo atakanda kale ufa. Dzuwa lisanatuluke beseni linali pamutu, mwana kumbuyo, ulendo wa ku msika. Ife amene timadziwa kutentha kwa Livingstone m'mwezi wa Okutobala tingathe kuganizira kukhala pafupi ndi mafuta owira tsiku lonse.

Phindu la vitumbuwa ndi laling'ono, ndipo silikanalera ana asanu ndi mmodzi. Motero Agogo analowa cilimba ndi amai anzao a pa msika. Aliyense anali kusonkha pang'ono pa sabata, ndipo ndalama zonse zinali kupita kwa mmodzi mosinthana. Itafika nthawi yao, sanagule citenje catsopano. Anakwera sitima ya ku Mulobezi kukagula nsomba zouma. Njanji imeneyo, imene inamangidwa kuti izinyamula matabwa, ndi ya makilomita oposa 160, koma sitima yake inali kukwawa ngati fulu, ndipo munthu anali kugona m'njira atakumbatira katundu wake. Analimanso dimba la repu ndi tomato m'mbali mwa mtsinje wa Maramba. Caka cina njovu zinadya dimba lonse usiku umodzi. M'mawa mwake Agogo anaima cete akuyang'ana mapazi a njovu m'mizere yao, kenaka anapita kukafuna mbeu zina.

Ndi manja amenewo anagula mayunifomu, nsapato ndi mabuku. Ana ao ena anafika ku St Mary's ndi ku St Raphael's, masukulu athu a sekondale. Anapyola cilala ca 1992, pamene tonse tinadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja. Mu 1996, pamene Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makanselo zigulitsidwe kwa okhalamo, Agogo anamasula mfundo ya pa citenje nagula nyumba yomwe ija imene inasesedwa ndi lole. Iwo eni sanadziwe kulemba koposa dzina lao, koma panalibe wa ngongole amene anawapusitsa ngakhale ngwee imodzi.

Pa zonsezi Misa ya pa Sondo sanaiphonye, ndipo mtulo wao sunacedwe. Maepiskopi a AMECEA atagwirizana mu 1973, nabwerezanso mu 1976, kuti Eklezia imangidwe pa miphakati, khonde la Agogo linasanduka malo a mapemphero. Anali kunena kuti mipando alibe, koma mthunzi wa mango ulipo wokwanira onse.

Komabe si nchito yokha imene tiwakumbukira nayo. Alipo amai ambiri olimbika m'misika yathu. Cimene cinaonetsa mtima wa Agogo cinacitika pambuyo pake.

M'zaka za m'ma 1990 mzinda uno unalowa m'mdima wina. Mafakitale a nsalu ndi mabulangete anatsekedwa, ija yolumikiza magalimoto a Fiat inaima, ndipo matenda a Edzi anayamba kutenga anyamata ndi atsikana amene makolo anawavutikira. Mwana woyamba wa Agogo, amene anali atapeza nchito yabwino, anamwalira, nasiya mkazi ndi ana anai. Tsopano zinthu zinatembenuka. Agogo ndiwo anali a kucimuna. Alongo ao enieni, amalume a womwalirayo, anafika kucokera kum'mawa pamodzi ndi abale ena, ndipo galimoto yonyamulira katundu inali itapezeka kale. Ena anali kunong'ona kuti mtengwa ndiye anabweretsa matenda, asatsale ndi kanthu.

Tsiku limenelo tinalipo, tili anyamata a kwaya. M'mawa mwa tsiku logawa katundu, Agogo anatenga kampando nakhala pakhomo penipeni pa nyumba ya mwana wao, mwakuti wolowa anayenera kuwalumpha.

“Alongo, tapatukani tilowe,” anatero amalume aja. “Mwana ameneyu ndi wathu. Inu munamuvutikira nokha. Kodi thukuta lanu lidyedwe ndi mlendo?”

Agogo anayankha mosakweza mau: “Acimwene, tsiku lija anandisesa ine, munali kuti? Ndinalira, ndipo amene anamva ndi Mulungu yekha. Lero mufuna kuti mwana wa eni uyu alire monga ndinalirira ine, ndipo wolizayo ndikhale ine? Supuni imodzi ikatuluka m'nyumba muno, munditulutse ine coyamba.”

Kenaka anaitana mtengwa wao, amene anali kunjenjemera kucipinda. “Mwanawe, bwera ukhale apa pambali panga. Nyumba ino ndi yako ndi ana ako.” Mtengwayo anagwada nati, “Amai, ndilibe mau.” Galimoto ija inabwerera yopanda kanthu, ndipo abale ena sanalankhule ndi Agogo kwa zaka.

Pa nthawiyo dziko linali litakhala kale ndi lamulo. Mu 1989, caka cimene Papa Yohane Paulo Waciwiri anaceza m'Zambia, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Intestate Succession Act, lamulo logawa cuma ca munthu womwalira osasiya wilo. Lamulolo linagawa motere: pa magawo 100 alionse, 50 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo a womwalira, ndipo 10 a ena amene anali kudalira womwalirayo. Nyumba ya banja ndi katundu wa m'nyumba ndi za wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo mai wamasiye ali ndi ufulu wokhala m'nyumbamo moyo wake wonse pokhapo atakwatiwanso. Wolanda zimenezi angalipitsidwe kapena kumangidwa. Malo a m'midzi olamulidwa ndi mafumu sanalowe m'lamuloli.

Mwa lamulo limeneli Agogo, monga kholo, anali ndi gawo lao la 20. Munthu wina wophunzira atawafotokozera, iwo anaseka nati ndalamazo zipite ku sukulu ya adzukulu, pakuti manja ao akali kugwira. Lamulo linaletsa kulanda. Agogo anasiya ngakhale cimene cinali cao. Ndipo tione bwino: si lamulo limene linabweza galimoto ija. Lamulo linali m'mabuku ku Lusaka. Pakhomo panali munthu.

Citsanzo cina n'cakuti m'zaka zomwezo mmodzi wa alamu aja amene anakweza katundu pa lole anamwalira pamodzi ndi mkazi wake, ndipo mwana wao wamkazi anasowa kopita. Anthu anadabwa kumuona akutunga madzi pa nyumba ya Agogo. Ofunsa anali kuyankhidwa mwacidule kuti mwanayo sanali pa lole. Akulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtsikana ameneyo ndiye anawasambitsa ndi kuwadyetsa phala m'miyezi yao yotsiriza, ndipo ndiye anathamanga kudzaitana Abambo kuti adzawadzoze mafuta a odwala.

Tsopano tibwerere ku funso lathu lija. Timakonda kulalikira za mai wamasiye wa m'Uthenga Wabwino wa Marko Woyera, mutu 12, amene anaponya tindalama tiwiri m'bokosi la zopereka. Timamugwiritsa nchito makamaka pamene tifuna kuti mtulo ukwere. Koma tikawerenga ndime zimene zili pamwamba pake, tipeza Ambuye Yesu akudzudzula anthu opemphera mapemphero atali amene anali kudya nyumba za akazi amasiye. Nkhani ziwirizi zili pamodzi mwadala. Ambuye anayamikira mai uja, koma sanayamikire amene anamusiya ndi tindalama tiwiri. Ndiponso m'buku la Nchito za Atumwi, mutu 6, mkangano woyamba wa mu Eklezia unabuka cifukwa akazi amasiye ena anali kuiwalidwa pogawa cakudya. Atumwi sananene kuti ndi za m'banja. Anasankha amuna asanu ndi awiri, Stefano Woyera ali pakati pao, kuti vutolo lithe.

Pa 27 Ogasiti timakumbukira Monika Woyera, mai wamasiye wa ku Afirika kuno, amene anamwalira ku Ostia m'caka ca 387 atapempherera mwana wake Agustino kufikira anabatizidwa. Bungwe la United Nations nalo linapatula 23 Juni kukhala tsiku la akazi amasiye, ndipo linayamba kukumbukiridwa mu 2011. Masiku otere ndi abwino. Koma mai wamasiye safuna tsiku limodzi pa caka. Afuna munthu pa tsiku limene lole yafika.

Cotero tili ndi mau kwa magulu atatu.

Kwa inu abambo anzathu: kulemba wilo si kuitana imfa. Imfa siyembekezera kalata. Lembani zimene muli nazo ndi amene mufuna kuti adzatsale nazo, musaine pamaso pa mboni ziwiri zimene sizidzalandirako kanthu, ndipo muuze abale anu mukali moyo. Akazi anu adziwe kumene kuli mapepala a nyumba ndi a ku banki. Mwamuna amene amabisa mapepala kwa mkazi wake akukonzera ana ake umphawi.

Kwa inu abale a womwalira: musanakweze kanthu, yang'anani ana. Amenewo ndi magazi anu. Bedi limene mwatenga lidzathyoka, wailesi idzaleka kulira, koma mwana amene anagona pansi cifukwa ca inu sadzaiwala. Woyang'anira cuma amene khoti lasankha si mwini cuma ai. Nchito yake ndi kugawa molungama. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Kwa ife a m'miphakati: nchito yathu siithera pa kusonkha nkhuni ndi kuimba usiku. Tsiku loopsa kwa mai wamasiye ndi lija lotsatira kuika maliro, pamene oimba onse abalalika. Pakhale akulu awiri kapena atatu otsala pakhomo, odziwa lamulo, olankhula mwaulemu koma mosaopa. Zikavuta, amuperekeze ku khoti kapena ku Victim Support Unit ya apolisi, pakuti munthu wofedwa alibe mphamvu yoyenda yekha. Ndipo patapita miyezi itatu, alendo atatha, tipiteko kukafunsa ngati ana akupitabe ku sukulu.

Pogawa zovala za Agogo panalibe mkangano, pakuti zinali zocepa: zitenje zingapo, juzi, nsapato za ku chalichi, ndi kolona imene mikanda yake inasalala ndi zala. Kukangana kunabuka pa cinthu cimodzi cokha. Kuseri kwa citseko kunali mbaula yakale, yadzimbiri, yomangidwa ndi waya pansi pake. Adzukulu ena ali ndi masitovu a magetsi ku Lusaka ndi ku Kitwe, koma aliyense anaifuna. Pomaliza anagwirizana kuipereka kwa mtengwa uja, amene tsopano nayenso ali ndi imvi. Iye anailandira ndi manja awiri, monga timalandirira cinthu coyera.

Tisawatamande Agogo ndi pakamwa pokha. M'mphakati uliwonse muli mai wina amene lero akukoleza mbaula tambala asanalire, ndipo dzina lake tilidziwa. Tisadikire kukamuyamikira ku manda.

Ambuye awalandire Agogo m'nyumba imene palibe adzawatulutsamo, ndipo mzimu wao uuse mu mtendere. Tidzakumananso mwezi wamawa, Mulungu akalola.